Chilimwe Chimene Amalume Anakhoza Mayeso

Botolo la jamu lija ndimalikumbukirabe. Linali ndi chivindikiro chofiira, ndipo m'kati mwake munali madzi a matope, odera ngati tiyi wochepa mkaka. Amalume analitulutsa m'chikwama Lachisanu lina, n'kulikhazika pakhonde la fulati yathu ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha, pafupi ndi makina oziziritsa nyumba amene ankadontha madzi tsiku lonse. Amayi atamva kumene madziwo achokera, anati botololo likangoponda m'khitchini, mwini wake atuluka nalo limodzi.

Amayi anali namwino. Amalume, mlongo wawo wamng'ono, ankagwira ntchito kunja kwa mzinda, kumalo oyeretsera madzi ochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa. Anali wothandizira chabe: kutsuka masefa, kupala zinyalala, kutunga madzi oti akayezedwe. Chaka chimenecho anatsimikiza zolemba mayeso a layisensi kuti akhale opareta, woyendetsa makinawo. Layisensiyo ikanawatulutsa kukampu, kumene amuna ankagona mothithikana m'chipinda chimodzi, ndipo mwina ikanawalola kuitanitsa akazi awo kuchokera ku Machinga. Choncho Lachisanu lililonse, akatuluka mumzikiti, ankabwera kwathu kudzawerenga.

Sukulu tinali titatsekera. Chilimwe cha ku Doha sichilola mwana kutuluka panja. Zitsulo za pakhonde zinkawotcha manja, ndipo mpweya unkamata pakhungu ngati m'bafa momwe wina wangosamba madzi otentha. Ine ndinalibe wosewera naye, amalume analibe wowamvetsera, ndiye tinapezana. Ankakonda kunena kuti chinthu chimene sungathe kufotokozera mwana m'Chichewa sunachidziwe, wangochiloweza.

Anakhutchumula botolo lija n'kundiuza kuti ndingoyang'ana. Matope anayamba kugwirana timibulu ngati thonje, n'kumatsika pang'onopang'ono, madzi oyera n'kutsala pamwamba. Matopewo ndi amoyo, anatero. Ndi tizilombo tosaoneka timene timadya nyansi za mzinda wonse, ndipo ntchito ya opareta ndi ubusa basi: kutipatsa mpweya wokwanira, kuona kuti chakudya sichikuposa pakamwa, kuchotsa tokalamba, kubweza tina koyambira. Matope akatsika bwino, ndiye kuti m'khola muli mtendere. Akayandama, m'busa wagona. Pomaliza amathira kolorini, osachepetsa, osachulutsa. Anandiuzanso kuti kapinga wobiriwira wa m'mbali mwa misewu amamwa madzi awo. Kuyambira pamenepo, tikakwera takisi ndi amayi, ndinkaloza kapingayo monyada ngati munda wa kwathu.

Chimene chinkawasautsa chinali masamu: kukula kwa thanki, kuchuluka kwa madzi olowa, nthawi imene madziwo amakhalamo asanatuluke. Ankawerengera patebulo lodyera akudzilankhulira okha, Chingerezi ndi Chiyao posakanikirana, ndipo akapeza yankho ankamenya tebulo ndi pensulo n'kuti khalas, kutanthauza kuti zatha.

Lachisanu lotsatira tinapeza matope aja atada bii. Amalume anati afa ndi kusowa mpweya. Anangotsegula chivindikiro pang'ono, ndipo fungo la mazira owola linandithamangitsira kuchipinda. Anandiitana, koma nkhope inali itasiya kuseka. Mpweya umenewu, anatero, ndi wolemera kuposa umene timapuma, ndiye umakadikha pansi pa maenje a mapampu. Ukakhala wochepa umanunkha. Ukachuluka umayamba wapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti watha. N'chifukwa chake munthu asanatsike amatsitsa kaye kachipangizo koyezera, amapemereramo mpweya wabwino, amamanga lamba, ndipo wina amatsala pamwamba. Kenako anandipatsa lamulo limene anati pamayeso silisowa.

"Mnzako akagwa m'dzenje, sutsika. Umaitana a zida zopumira. Ukatsika, maliro akhala awiri."

Anandibwerezetsa monga ankatichitira aphunzitsi a kumadrasa. Ine ndinalipezera nyimbo, n'kumaliimba ndikudumpha pasofa, iwo akuseka. Amalume amenewo, oseka mpaka kugwira nthiti, ndi amene ndimafuna kumawakumbukira, koma sindinawaonenso.

Lachisanu lina sanabwere. Lotsatira lake anabwera opanda chikwama. Amayi ananditumiza kuchipinda, koma makoma a fulati ija sankasunga mawu. Mnzawo wa ku Nepal, amene ankagona pabedi la pamwamba pa lawo, anatsika m'dzenje kukachotsa nsanza zimene zinakola pampu. Anaiyesa ntchito ya kamphindi, ndipo sanauze munthu. Amalume ankakoka paipi chapafupi pamene anamva kugwa. Atasuzumira anamuona ali chafufumimba pansi. Mnyamata wina anathamangira makwerero, koma amalume anamugwira m'chiuno n'kugwa naye pansi, kwinaku akukuwa pa wailesi ya m'manja kuitana thandizo. A zida zopumira anafika, koma mzimu unali utachoka kale.

Ndinamva amayi akuwauza kuti apulumutsa moyo wa mnyamata uja ndi wawo womwe, ndiponso kuti akuluakulu a kuntchito sanalakwe powayamikira. 

"Achemwali, mwendo wake unkagwedera," anatero amalume. "Ine ndili pamwamba, ndikuuona."

Nkhaniyo ndinaimva ndi makutu a mwana. Amalume anatsata lamulo, ndiye kwa ine anali atapambana.

Mayeso analemba chifukwa amayi anawakakamiza. Zotsatira zinatuluka kutentha kutayamba kuchepa, ndipo anakhoza. Koma kampani itawapatsa udindo umene anauvutikira, anakana kusaina, n'kupempha tikiti yobwerera kumudzi. Amayi anakwiya kwambiri. Kwa zaka zambiri, pafoni ankangopatsana moni ndi kufunsana za mvula. Amalume anakalima mpunga kumadambo a ku Chilwa, ndipo sanagwirenso ntchito ya madzi ngakhale anthu ankawauza kuti pepala lawolo likhoza kuwatsegulira makomo ku Blantyre. Lero ndikuganiza kuti tonse tinafulumira kuwauza kuti anachita bwino, ndipo panalibe amene anangokhala nawo pansi n'kuwalola kulira mnzawo. Anamwalira ndili kuyunivesite, ndisanawafunse n'komwe dzina la munthu uja.

Komabe asananyamuke, sabata imene zotsatira zinatuluka, amayi anakonza phwando. Anaphika mpunga wa biriyani, n'kuitana Amalawi anzathu a ku Al Aziziya. M'nyumba munadzaza fungo la karadamu ndi nyama yokazinga, anthu akuwagwira chanza amalume ndi kuwatchula injiniya. Iwo anakhala pakona, mbale ili pamwendo, akumwetulira aliyense wowayang'ana. Ndinawakwera pabondo n'kuwafunsa ngati funso la dzenje lija linabwera. Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinafunsa zimene anayankha.

"Ndinayankha zolondola, mwanangu."

Ndinawomba m'manja n'kuthamangira kukhitchini kukauza amayi kuti funso limenelo nanenso ndikanalikhoza. Pobwerera ndinapeza pampando palibe munthu. Anali atatuluka pakhonde n'kutseka chitseko chagalasi, ataima chozembetsa nkhope, mapewa akugwedezeka. Mbale yawo inali pansi, mpunga osakhudzidwa. Ndinaulawa ndi chala, ndipo ndinapita kukawanong'oneza amayi kuti mwina achulutsa tsabola.