Njere imodzi ya kwa Nalipa

Inu owerenga, ine banja langa ndinalipasula ndi manja angawa chifukwa cha kamzere kamodzi ka choko pa bolodi. Palibe anandilodza, palibenso anandinamiza. Ndinawerenga ndekha, ndinaweruza ndekha, ndipo lero ndakalamba ndekha. Ndikulemba izi makamaka kwa inu amene mumathamangira pomwe apachika zotsatira za chisankho, n'kumaloza ndi chala kuti mudzi uwu ngwathu, uwo ngwa adani. Khalani pansi mumve zimene zinandionekera.

Zinachitika m'zaka za m'ma fifite, nthawi ya atsamunda, njala yaikulu ija itangodutsa. Kwathu kobadwira ndi cha ku Likoswe, koma ndinakwatira kwa Nalipa, kamudzi ka kufupi ndi ku Milepa, ndipo monga mwa mwambo ndinkakhala chikamwini. Mkazi wanga anali Rozina. Agogo ake anachokera kwa Apwitikizi, ndipo iye akakwiya kapena akamayimbira mwana, Chilomwe chinkatuluka chokha. Sanali munthu wa zoyankhulayankhula. Tinakwatitsa m'tchalitchi ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamwamuna, Luka.

Ine ndinali munthu wolota masana. Sukulu ya mishoni ndinailekezera panjira, koma masamu ndinkawadziwa, ndipo zimenezi zinandikweza mapewa. Ndikapita kumunda, ndinkati ndikagalauza mizere ingapo, n'kutsamira khasu, maso ali ku phiri la Chiradzulu. Mmawa nkhungu inkaliphimba mpaka m'khosi, nsonga yokha n'kumayandama pamwamba. Ndinkayang'ana mpaka ndinkadziona ndekha ndili kumeneko, nditavala jekete, ndikuyankhula, anthu akugwedeza mitu. Apongozi anga ankanditcha mkamwini wolima ndi maso. Rozina yekha sankaseka. Ankangobwera kumbuyo kwanga n'kutsiriza mzere womwe ndausiya.

Chaka chimenecho alimi a fodya a midzi yathu anapanga bungwe, ndipo panafunika munthu mmodzi wokatiyankhulira ku boma za msika ndi sikelo. Ine ndinati maloto aja akwana. Ndinapereka dzina. Winanso amene anaimirira anali a Mpunga, mlimi wachikulire, waulemu wake, amene ankamwera chipanda chimodzi ndi a Namakhwa, amalume ake a Rozina. A Namakhwa ndiwo anali eni mbumba kwa Nalipa. Atamva kuti ndaima, anangonena akuyang'ana kumbali kuti mkamwini asamakule mwendo. Ine ndinaseka. Mumtima ndinkati anthu amene ndimawawerengera makalata a ana awo a ku Joni sangandikane.

Tsiku la chisankho tinasonkhana pa kasukulu ka m'deralo. Woyendetsa zonse anali aphunzitsi a Fabiano. Poti ambiri sankadziwa kulemba, anamanga kampanda ka udzu, ndipo mkati mwake anaikamo miphika iwiri yakukamwa kwakung'ono. Wanga anaumanga kansalu kofiira m'khosi, wa a Mpunga koyera. Aliyense wokhala ndi munda, mwamuna kaya mkazi, ankalandira njere imodzi ya nyemba za kalongonda, n'kulowa yekha kukaiponya mumphika wa munthu amene wamufuna. Midzi inkaponya umodziumodzi. Mudzi ukatha, ankakhuthula miphika pamphasa, n'kuwerenga poyera, n'kulemba pa bolodi. Aphunzitsi anati bolodilo likhala pakhonde la sukulu masiku angapo kuti aliyense wodutsa adzionere, pasapezeke wonena kuti panali chinyengo. Ine ndinaomba m'manja kuposa onse, chifukwa manambala ndinkawakhulupirira ngati katekisimu.

Asanayambe, aphunzitsi anatipatsa njere ife opikisana awiri kuti tilowe poyamba, anthu aone mmene kuponya kwake kumayendera. Ndinalowa, ndinaponya mumphika wanga, ndipo ndinamva njereyo ikugunda pansi pa mphika wopanda kanthu. Mudzi woyamba kuponya unali kwa Nalipa komweko. Kenako anatitenga awirife kukatikhazika kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mango, kuti anthu asaope maso athu. Tikunyamuka, aphunzitsi anatiuza mawu ena ake. Ndikukumbukira milomo yawo ikuyenda, ndikukumbukiranso ine ndikuvomera ndi mutu. Koma makutu anga anali atapita kale ku boma pa njinga yatsopano. Tsiku lonse ndinakhala pansi pa mango uja ndikuyang'ana mitambo ikudutsa, ndikukonza mawu okanena pamaso pa azungu.

Dzuwa litapendeka anatiitana. A Mpunga anapambana. Zinandiwawa, koma ndinawagwira chanza ngati munthu. Chimene chinandilasa chinali pa bolodi. Midzi ya cha kwathu inandipatsa njere zambiri, midzi ina tinagawana. Koma pamzere wa kwa Nalipa, mbali ya a Mpunga kunali nambala yonenepa, pomwe mbali yanga kunali kamzere kamodzi, kataima kokha ngati chitsa pakati pa munda.

Imodzi. Mutu wanga wamasamu uja unayamba ntchito nthawi yomweyo. Ine ndinaponya mumphika umenewo, kwa Nalipa ndiwo anatsatira, ndipo potsiriza mwapezeka njere imodzi. Ndiye kuti imodziyo ndi yanga. Ndiye kuti mudzi wonse, apongozi, alamu, ngakhale agogo amene ndinawafolerera nyumba, palibe anandifuna. Ndiye kuti Rozina, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, anaponyera a Mpunga.

Inu owerenga, mawa lake ndinabwereranso kukaima pa bolodi paja, mkuja wakenso chimodzimodzi. Ana asukulu ankandizungulira polowa m'kalasi. Ndinkayang'ana manambala aja mpaka ankasanduka nkhope. Apa ndinkaona Alomwe atagwirizana zondikana poti ndine Mnyanja. Apo ndinkaona a kumpingo wina atandida poti ndine wa Katolika. Mudzi uliwonse ndinaupezera chifukwa chake, ndipo zifukwazo zinkandikomera, zinkalumikizana bwinobwino. Aphunzitsi a Fabiano anali m'kalasi momwemo, mawu awo ndinkawamva pawindo. Sindinagogode kuti ndiwafunse kanthu. Ndikanafunsa chiyani, munthu wodziwa kale?

Masana ena ndinapeza Rozina akupeta nandolo pakhonde. A Namakhwa anali chapafupi pamthunzi, akusoka mphasa. Ndinaima osakhala pansi.

"Amake Luka, njere yanu ija munaponya mumphika uti?"

Anaimitsa lichero. "Mwanu, abambo ake Luka. Nanga n'kanaponya mwa ndani?"

"Bolodi likuti imodzi. Imodziyo ndinaponya ndine, anthu onse akuona."

"Ine za bolodi sindidziwa," anatero motsitsa mawu. "Ife azimayi tinafika mochedwa, tinayamba tapita kumadzi. Chomwe ndikudziwa ndi dzanja langali, ndi kansalu kofiira."

Ndinamutcha wabodza pamaso pa amalume ake. Ndinamuuza kuti munthu amanama koma nambala sinama. Iye sanalire. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anayang'ana kwa amalume ake ngati akupempha kuti amuthandize. A Namakhwa anakhosomola n'kupitiriza kusoka. Rozina anatola lichero lake, ndipo mankhusu anayambanso kuuluka.

Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndinaterereka mlungu womwewo. Sindinaitane ankhoswe, sindinapite kwa ansembe. Ndinakulunga bulangete langa, n'kuyenda wapansi mpaka ku Limbe, n'kukwera sitima ya ku Halale. Ndinkadziuza kuti ndikuchoka ngati mwamuna wodzilemekeza, wosafuna kudya m'mbale ya anthu omukana.

Ku Halale ndinagwira ntchito pa famu ya fodya. Ndinachona. Kalata sindinalembe, ine amene ndinkalembera anthu ena. Koma mphika uja unanditsatira. Ndikamasankha fodya m'shedi, fungo lake litandizunguza mutu, ndinkauona ukuyandama mu nkhungu ya ku Chiradzulu, kansalu kofiira kakuuluzika ndi mphepo, mkati mwake njere imodzi ikugubuduzika, gobede gobede. Nthawi zina ndinkaona dzanja likulowa pakamwa pa mphikawo, dzanja lowonda, lokhala ndi chipsera cha moto pachala chachikulu. Ndinkalidziwa dzanjalo. Ndinkapukusa mutu n'kudziuza kuti ndi maloto chabe, chifukwa masamu anali atanena kale.

Zaka za m'ma fifite zikupita kumapeto, chifuwa chinandivuta ndipo anandichotsa ntchito. Ndinabwerera kwa alongo anga ku Likoswe. Tsiku lina la msika ku Milepa ndinakumana ndi aphunzitsi a Fabiano, imvi zitayamba, akugula mchere. Anandizindikira. Titapatsana moni, anandikokera pambali.

"Koma inu bambo, munalakwa," anatero. "Mkazi wolimba mtima ngati uja n'kumusiya? Mudzi wonse mbali imodzi, iye yekha mbali yanu."

Ndinawauza mwaulemu kuti akulakwitsa, njere ija inali yanga. Anandiyang'ana ngati mwana wolephera samu yophweka.

"Yanu iti? Mesa ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa kuti zanu ziwiri zija n'zongoonetsera, sitiziwerenga? Mutangopita kuseri, miphika ndinaikhuthula pamaso pa amuna onse a kwa Nalipa, a Namakhwa ali patsogolo. Mudzi wanu unayamba ndi miphika yopanda kanthu."

Phokoso lonse la msika linapita kutali. Ndinkaona anthu akutsegula pakamwa koma sindinkamva kanthu. Ndinakumbukira milomo ya aphunzitsi ikuyenda tsiku lija, ine ndikuvomera ndi mutu. Anapitiriza kundiuza kuti mbumba yonse inali itauzidwa kuponyera a Mpunga, ndipo bolodi litaonetsa njere imodzi yosochera, panalibe wofunsa kuti ndi ya yani. Funso langa lija pakhonde linangotsimikiza. Ine nditachoka, a Namakhwa anamulanda Rozina munda wa kudambo n'kumupatsa wa miyala, kumtunda. Bolodi lomwe ine linandiuza kuti mkazi wanga wandikana, abale ake linawauza kuti wawakana iwo. Analangidwa mbali zonse ziwiri chifukwa cha njere imodzi yomweyo.

Mawa lake ndinapita kwa Nalipa. A Namakhwa anali atamwalira. Anthu anandilozera kumtunda, ndipo ndinakwera pang'onopang'ono chifukwa cha chifuwa. Kunali kamvula kowaza, phiri lonse litabisala. Ndinamupeza Rozina akupalira pakati pa miyala, nandolo wake atamera bwino ndithu, kalongonda atayanga m'mitengo ya m'malire. Sanakwatiwenso. Luka anali kusukulu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ankauza anzake kuti bambo ake anafera ku Halale.

Ndinagwada pamiyala pomwepo. Ndinamuuza zonse, za aphunzitsi, za miphika, za makutu anga ogontha. Ndinalira, inu owerenga, mwamuna wamkulu. Ndinamupempha kuti andilole ndibwerere, ndidzalime munda wa miyalawo mpaka imfa. Iye anatsamira khasu monga ndinkachitira ine kale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo pankhope pake panalibe mkwiyo.

"Ndiye lero mwakhulupirira poti anena ndi aphunzitsi," anatero. "Dzukani, abambo ake Luka, mawondo apweteka. Mwana wanu mukhoza kumamuona, sindikukanizani. Koma zinazo iyayi. Njere anatipatsa imodziimodzi. Yanga ndinaponya kale."

Anaweramira mzere wake. Ndinaima kanthawi ndikuyang'ana chipsera chija pachala chake, kenako ndinatsika.

Madzi akatayika saoleka. Rozina anamwalira ali m'munda wake wa miyala womwewo, ndipo pamaliro ine ndinakhala kumbuyo, pamodzi ndi alendo. Luka amandipatsa moni, amanditumizirako sopo, koma amanditchula dzina la mfunda ngati munthu wa mudzi wina.

Masiku ano ndimamva kuti zotsatira za zisankho amazipachika dera ndi dera, ndipo aliyense akhoza kuziona. Ndi chinthu chabwino, musandimve molakwa. Bolodi la a Fabiano silinaname ngakhale pang'ono, ananama ndi mutu wanga. Koma ndikukupemphani, musanayambe kuwerenga nambala, yambani mwafunsa kuti anawerenga bwanji, anayambira pati, anachotsapo chiyani. Wolembayo nthawi zambiri amakhala pafupi, monga analili aphunzitsi kuseri kwa windo lija, ndipo safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti nambala ya mudzi imanena za mudzi, sinena za mtima wa munthu mmodzi wokhala m'mudzimo. Mukamati dera lakuti lonse linatikana, mwina muli wina mmenemo amene anayenda yekha kupita ku mphika wanu, abale ake onse akupita kwina.

Ndipo munthu wanu akakuyang'anani m'maso n'kukuuzani chimene dzanja lake linachita, musamutsutse ndi choko. Ine pa chisankho chija ndinapeza njere imodzi yoposa zonse za a Mpunga, koma ndinaiwerenga kuti ndi yanga.