Dzina Langa Linapita Kumanda M'thumba la Jekete

Inu owerenga, munda wa tiyi umene anandisiyira mayi anga sindinaugulitse, sindinaumwere mowa, ndipo palibe khoti limene linandilanda. Ndinaupereka ndekha ndi manja awiri, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa choopa kukatenga khadi lina la msonkho loyamba litatayika. Ndikamaganiza ndimadzida, ndipo ndikufuna mumve kuti mantha amapusitsa munthu wamkulu ngati mwana.

Kwathu ndi kuno ku Thyolo, kumalire ndi esiteti ya tiyi. Pajatu kuno nthaka imatsata akazi, choncho mundawo unali wanga, ndipo ine ndikadzapita unayenera kudzagwa m'manja mwa mwana wanga wamkazi. Amuna anga anali mkamwini, kwawo kunali kwa Goliati. Kampani imene imatigula masamba itayamba kufuna kuti mlimi aliyense akhale ndi nambala ya msonkho, tinapita tonse kukalembetsa, ndipo anandipatsa khadi lokhala ndi dzina langa. Ine sukulu ndinalekera panjira, za mapepala zinkandizunguza mutu, ndiye ndinangowapatsa iwowo kuti azisunga. Ngakhale nambalayo sindinaiwerengeko n'komwe. Iwo ankaliika m'thumba lam'kati la jekete yawo yakuda, imene ankavala kutchalitchi ndi kumisonkhano ya kalabu ya alimi.

Anadwala chibayo nthawi yozizira ya chiperoni, ndipo sanagone nthawi yaitali, anamwalira. Abale awo atabwera kudzatenga thupi, alamu anandipempha chovala chabwino choti awaveke. Ndinalowa kuchipinda maso atatupa, n'kuchotsa jekete ija pamsomali, n'kuwapatsa. Ndani angaganize zopisa m'matumba mwamuna wake ali gone pamphasa? Poona nkhope ndinawaona atatchena bwino, mabatani onse atamanga, ndipo tinakawaika kwawo kwa Goliati.

Mvula itayandikira, kukalabu analengeza kuti kontirakiti yathu ndi kampani yatha, aliyense akalembetsenso ndipo abwere ndi khadi lake. Ndinakhuthula sutikesi, ndinavundukula matiresi, ndinafufuza m'Baibulo tsamba ndi tsamba. Nditatopa ndinakhala pabedi, maso anga n'kugwera pamsomali uja wopanda kanthu. Dzina langa linali pansi pa nthaka, pachifuwa pa munthu wakufa, ndipo amene analitumiza kumeneko ndinali ine ndemwe.

Musandiseke, inu amene munakulira m'tauni. Ife tinakula tikumva kuti chinthu cha munthu wamoyo sichilowa m'bokosi, chikalowa chimamukoka mwiniwake. Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso munthu. Ndikalowa m'munda m'mamawa, nkhungu ili mbuu m'mizere, ndinkamva ngati wina akutchola kumbuyo kwanga, masamba akuduka bwinobwino, koma ndikacheuka kunalibe munthu. Ndikangotsokomola pang'ono ndinkati basi, chayamba. Chakudya chinkandikana, ndipo chitenje ndinayamba kuchizunguliza kawiri m'chiuno.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinalibe womuuza. Kwa apongozi kunali kutayamba kale manong'onong'o akuti mwana wawo wafa mwamsanga kwambiri kuchikamwini. Akanamva kuti m'bokosi munalowa chinthu changa, akanati ndinachiika dala, ndipo dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo. Abusa sindinawauze, amayi a chigwirizano sindinawauze, ngakhale mwana wanga ndinamubisira. Ndinauza munthu mmodzi yekha, achimwene anga obadwa bere limodzi, amene ndi mwinimbumba wathu.

Anamvetsera ataweramitsa mutu, kenako anayankhula motsitsa mawu m'Chilomwe kuti ana amene anali pabwalo asamve. Anati, “Achemwali, musayerekeze kukatenga lina panopa. Mukhala anthu awiri, wina pansi wina kunja, ndipo wapansiyo salola. Dikirani akusudzuleni kaye.” Kusudzula ndi mwambo umene akuchimuna amamasula nawo mkazi wamasiye, ndipo kwa apongozi anga anati zidzachitika pakatha chaka. Nditafunsa kuti nanga tiyi angokhwimira m'munda, anati ndisadandaule, alembetsa munda m'dzina lawo ndi khadi lawo kuti masamba azipita, zinthu zikadzakhala bwino adzandibwezera. Ndinalira ndi kuthokoza. Ndinagwada, anthuni, ndinawagwadira. Kukalabu ndinapita nawo ndekha, n'kunena pamaso pa anthu kuti ine ndafooka ndi maliro, munda azionera achimwene.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupiriradi zimene anandiuzazo kapena anangoona poti adyere. Funso limeneli ndi limene limandisowetsa mtendere kuposa manda aja. Chomwe ndikudziwa n'chakuti nthawi zonse ndikayamba kupeza bwino, ankabwera kudzandizonda, n'kundiyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndaonda, ndipo ndisamale. Akachoka, mantha ankayambiranso pachiyambi.

Chaka chinatha, anandisudzula, ndipo sindinafe. Komabe ndinazengereza miyezi ina osakatenga khadi lina. Amene anandikoka ndi mwana wanga uja, nditamuululira zonse tikuchapa kumtsinje. Anangondiyang'ana, sopo ali m'manja, n'kunena kuti, “Amayi, mawa tikupita.”

Tinayambira kupolisi kukatenga lipoti loti khadi linatayika. Ndinanena zoona zonse, ndikudikira kuti wapolisiyo adzidzimuke. Iye anangolemba, n'kudinda, n'kuitana wotsatira. Kuofesi ya misonkho tinapeza mayi wina wachitsikana amene anapempha chiphaso changa cha unzika, n'kugogoda pakompyuta, n'kutchula dzina langa lonse ndi mudzi wathu. Ndinamufunsa ndi mawu onong'ona kuti nanga lija lili kumanda likhala bwanji. Sanaseke ayi, Mulungu amudalitse. Anati, “Mayi, pepani ndi maliro. Lija ndi khadi chabe. Nambala yanu ili muno, sinapite kulikonse. Ena amabwera lawo litapsa ndi nyumba, ena litachapidwa. Mukanabwera nthawi yomweyo tikanakuthandizani.”

Mawu omalizawo anandilasa kuposa chipongwe chilichonse. Ndinatuluka panja n'kukhala pamasitepe, anthu akundilambalala, ndikulira ngati maliro ayambiranso. Nthawi yonseyo ndinkazunzika ndi chinthu chongofuna minibasi ndi pakamwa.

Khadi latsopano litatuluka ndinapita nalo kwa achimwene, ndikumwetulira ngati chitsiru. Ndinawapeza akunola chikwanje chodulira nthambi za tiyi. Analiyang'ana osaligwira, n'kunena kuti kontirakiti ili m'dzina lawo ndipo siithera panjira, feteleza anathira ndi iwo, mbande m'mipata anabzala ndi iwo, ndiye tiyi amadziwa dzanja limene likumusamala. Ndinakalipa, ndinatukwana mawu amene sindingalembe pano. Ndinathamangira kukalabu, koma kumeneko anandikumbutsa kuti ndinaimirira ndekha pamaso pawo n'kupereka munda. Akuluakulu a banja atakhala pansi anandifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete nthawi yonseyo ngati mundawo unali wobwereketsa. Kuti ndiyankhe ndinayenera kuulula za jekete, ndipo nditaulula, nkhani inasiya kukhala ya munda n'kukhala ya chimene ndinaika m'bokosi la mwamuna wanga. Amati chibale n'fupa sichiola, koma changa ndinachimva fungo tsiku limenelo.

Lero khadi ndili nalo, ndimalisunga ndekha m'kachitini, ndipo nambala ndinailoweza pamtima. Ndi yomweyo imene ili pachifuwa pa amuna anga kwa Goliati, ndipo ndisaname, ndikaligwira dzanja limazizira ndithu. Koma malemuwo sanandilande kanthu, anagona mwaulemu monga anakhalira moyo wawo wonse. Amene anandidyera masuku pamutu ndi wamoyo, ndipo timakumana kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, pepala lililonse lokhala ndi dzina lanu muzisunga nokha, ngakhale mwamuna wanu akhale wabwino chotani. Nambala yake muilembe penanso, muuzeko ndi mwana wanu. Maliro akagwa, misozi isakulepheretseni kupisa m'matumba musanapereke chovala. Khadi likatayika, likapsa, kaya lapita kumene langa linapita, nyamukani mawa lake mukafunse kuofesi, eni ake amadziwa chochita. Ndipo chokuopsani musamauze munthu mmodzi yekha, makamaka amene angapindule ndi mantha anuwo. Uzani awiri, atatu, pakati pawo padzapezeka wina wokuuzani kuti tiyeni tikafunse.

Ine ndinachedwa, ndipo amene akulipira kuchedwa kwangako si ine ndekha. Mwana wanga uja tsopano ali ndi khanda, ndipo ganyu amene ali pafupi ndi wotchola tiyi m'munda wa agogo ake womwe uja. Dzulo ndinamuperekeza kushedi koyezera masamba nditamuberekera mwana. Kalaliki wa pasikelo ataitana dzina la amalume ake, ndinamuona akudzuka, akusenza dengu, n'kuyankha kuti, “Ndilipo.”