Chitsime Chimene Ndinaboola pa Kansenjere

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, pamene bambo anga anandipatsa ntchito yothirira nazale ya fodya. Kwathu n'kumpoto kwa Nsaru, m'munsi mwa kaphiri ka miyala, ndipo m'kaphiriko mumachokera mtsinje wa Kansenjere. Alendo obwera m'chilimwe ankatiseka tikautchula kuti mtsinje. M'dzinja unkadzaza mpaka kutijombetsa kusukulu, madzi ofiira akukokolola mapesi ndi zitsa kupita nazo kudambo. Ikafika Meyi unkayamba kuduka, n'kutsala maiwe apa ndi apo, ndipo pofika Ogasiti unkasanduka msewu wa mchenga woyendamo ngolo.

M'mbali mwa mtsinjewo ndi mmene bambo ankakonza mabedi atatu a mbande za fodya. Madzi tinkatunga pachitsime chimene iwo anakumba pakati pa mchenga, chowalekeza m'chiuno. Pansi pake panali dongo lotuwa, loterera, ndipo madzi ankalowa pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Ukatunga ndowa zinayi unkayenera kukhala pansi, kudikira kuti madzi abwererenso. Ine kudikira sindinabadwe nako. Anzanga akusewera fulaye kumudzi, ine ndili pamchenga wotentha kulondera madzi ngati mphika wa nyemba.

Loweruka lina mu Okutobala bambo anapita kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ine ndinaganiza zowathandiza nzeru. Ndinati ngati madzi amachokera pansi, ndiye kuti pansi penipeni aliko ambiri. Ndinatenga khasu, ndinalowa m'chitsime, n'kuyamba kutema dongo lija. Linali lolimba koma losapita patali, mwina kuchokera pachigongono kufika kuzala. Khasu litaboola, pansi panaoneka mchenga wina wa timiyala, wouma. Madzi amene anali m'akakolo mwanga anazungulira kamodzi n'kulowa m'bowomo. Ndinatseka ndi phazi, kenako ndinayesa kumata ndi dongo, koma madzi ankangopeza njira yawo. Ndinalira ndekha m'dzenjemo.

Bambo atabwera madzulo anaima nthawi yaitali pamwamba pa chitsimecho, jekete ili paphewa.

"Esinati, wakumba ndiwe kodi?"

"Eya, ababa. Ndimafuna madzi achuluke."

"Dongo limeneli ndiye linali mbale ya madziwa. Waiboola."

Anayesa kukumba pena chapafupi, koma malo a dongowo anali aang'ono, ndipo madzi ake onse anali akuthawira m'bowo langa lija. Zitsime za anansi nazo zinkangokwanira mabedi awo. Padzuwa la Okutobala mbande sizipirira masiku awiri osathiriridwa, ndipo popanda mbandezo kunalibe fodya chaka chimenecho. Zimenezo ngakhale ine ndinkazidziwa.

M'mawa mwake linali la Sabata. Bambo anga, amene sindinawaonepo atajomba kutchalitchi ngakhale akudwala malungo, anatuluka m'nyumba atavala zakumunda. Amayi anawayang'ana modabwa.

"Bambo a Esinati, lero ndi la Sabata, eti?"

"Ndikudziwa. Akafunsa mukawauze kuti ndapita kukafuna madzi. Iwe, nyamula ndowa."

Tinayenda m'kati mwa mtsinje woumawo kulowera kumtunda, belu la kutchalitchi likulira kumbuyo kwathu. Aka kanali koyamba kuti ndiuone Kansenjere kupitirira malire a mudzi wathu. Kumunsi unali wotakata, wa mchenga woyera. Tikamakwera unkapanikizika, mchenga n'kusanduka miyala, magombe n'kutalika kuposa bambo. Pamwamba pa mitu yathu, m'nthambi za mitengo, munali mutakodwa zinyalala za m'dzinja, ndipo ndinachita mantha poganiza kuti madzi anafika pamenepo. Bambo ankaima apa ndi apo, n'kulowetsa dzanja mumchenga, n'kupukusa mutu. Sankayang'ana kwambiri pansi. Ankayang'ana mitengo, makamaka katope ndi mkuyu, kuona umene masamba ake anali obiriwira kuposa inzake.

Dzuwa litakwera tinafika m'tsinde mwa kaphiri kaja, pamene thanthwe lalikulu lakuda linapingasa mtsinje kuchokera gombe lino kufika linalo. Kumtunda kwa thanthwelo, pamchenga, panali njuchi zambiri zitatera phee. Bambo anandilozera mng'alu wa m'thanthwemo.

"Gona pansi, uike khutu apa."

Mwalawo unali wozizira patsaya langa. Poyamba ndinkangomva kupuma kwanga. Kenako ndinamva, kutali m'kati mwa mwala, kaphokoso ka madzi oyenda, kosalekeza. Dziko lonse linali louma, udzu utapsa ndi moto wolusa, mbuzi zikudya makungwa, koma pansi panga mtsinje unali kuyenda mumdima. Ndinadzutsa mutu kuyang'ana kumwamba, ndipo kunalibe ngakhale kamtambo.

"Akuchokera kuti, ababa?"

"Mvula ya Febuluwale imeneyo. Phirili linamwa, ndiye ikutsikabe."

Anakumba pamene panali njuchi paja, ndipo dzenje lisanafike m'mawondo madzi anatuluka, oyera, ozizira mpaka kuwawitsa mano. Anavula chipewa n'kupemphera mwachidule, ataimirira mumchengamo.

Koma kuchokera pathanthwepo kukafika kunazale unali mtunda wa ola lathunthu. Tinatunga atatu, bambo, amayi ndi ine, m'mamawa ndi madzulo, mpaka mvula inagwa. Khosi langa linauma ndi ndowa. Ngakhale tinayesetsa chotero, bedi limodzi linauma lonse ndipo lachiwiri linatsala theka. Powokera fodya mbande zinathera pakati pa munda, ndipo mbali yotsalayo bambo anadzalamo mtedza. Ndinadikira chikwapu chaka chonse, koma sichinabwere. Kudutsa pamundapo tsiku ndi tsiku kunandipweteka kuposa chikwapu.

Lero ndikumvetsa kuti chimene ndinkachiona ngati chikuchedwetsa madzi ndi chomwe chinkawasunga. Ndakula, ndili ndi ana anga, koma chinthu chikamandipatsa pang'onopang'ono ndimayamba ndafunsa chimene chachigwira ndisanatenge khasu.

Chilimwe chathachi ndinapita kumudzi, bambo atagona kale m'manda, ndipo ndinatsikira ku Kansenjere. Anthu akukumbabe zitsime mumchenga, ena kumtunda, ena kumunsi, koma malo athu aja anali opanda dzenje ngakhale limodzi. Nditaima pamenepo, kamtsikana kena kosenza ndowa kanandiona n'kuganiza kuti ndine mlendo wofuna madzi.

"Pamenepo musavutike kukumba, amayi," kanatero. "Timati pa Esinati. Sipatuluka madzi."

Ndinakathokoza, ndipo sindinakauze dzina langa.