Pasaka ya Yoramu ndi Rute

Yoramu wa ku Kandeu adapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mkazi wake Lufina ali woyembekezera. Adagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsiku lomwe thanthwe lidagumuka n'kumuphwanya phazi lamanzere. Adabwerera kumudzi dzinja la 1948 akuyendera ndodo. Mwana adamusiya m'mimba uja adamupeza akuthamanga kale, dzina lake Rute.

Rute sadawafune bambo akewo. Akamva ndodo ikugogoda pakhonde ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Yoramu ankangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaluka malichero, luso lomwe adaphunzira kwa amalume ake ali mnyamata.

Pasaka itafika, mtsinje wa panjira ya kutchalitchi udali utadzaza. Lufina adati sapita.

"Pitani, Nangozo," adatero Yoramu, pomutchula mkazi wakeyo ndi chiwongo. "Mgonero umenewu mwaukonzekera kalekale. Mwanayu nditsala naye."

"Akulirirani tsiku lonse, bambo a Rute."

"Alire. Kumgodi kudali phokoso loposa pamenepo."

Rute adaliradi, atakakamira mzati wa khonde, maso ali kunjira. Yoramu sadamunyamule. Adasamba, adavala jekete lake lakuda, n'kuwotcha dowe pamakala. Chimanga chimodzi adachiika patsamba la nthochi, pakatikati pa iye ndi mwanayo. Kenaka adatenga khasu lakutha n'kuliwomba ndi msomali ngati belu. Rute adaleka kulira kuti aone. Yoramu adaimba nyimbo imodzi ya Pasaka ndi mawu osasa, nkhuku zikutolatola pamapazi pake. Pomwe ankamaliza, chimanga chija chidali m'manja mwa Rute.

Adafuna kumuuza nkhani ya tsikulo, koma mwana wodziwa mawu ochepa chotere ungamuuze bwanji? Adakumba kadzenje m'mbali mwa khonde, adakulunga chitsononkho m'kansanza koyera n'kuchigoneka momwemo.

"Ambuye Yesu adawagoneka chonchi," adatero. "Ndiye adatsekapo ndi mwala."

Adatola mwala n'kutseka padzenjepo. Adakumbukira mdima wa kumgodi, fumbi litadzaza m'kamwa, akumva anzake akukumba chapatali. Adangoti zyoli.

Rute adayandikira pang'onopang'ono. Adaukankha mwalawo ndi manja awiri mpaka iye mwini kugwa chagada. Adadzuka, adapisa dzanja m'dzenjemo n'kutulutsa chitsononkho chija.

"Wadzuka," adatero, ngati momwe amayi ake ankamuuzira m'mawa.

"Eya, mwanangu. Wadzuka."

Rute adawapatsira bambo akewo chitsononkhocho m'manja kuti achigonekenso. Adabwerezabwereza mpaka dzuwa kupendeka, Yoramu kutseka, Rute kutsegula. Mwanayo atatopa adakhala pansi pafupi ndi phazi lopunduka lija, lomwe masiku onse ankaliopa. Adaligwira ndi chala.

"Ndani?"

"Mwala."

Rute adacheukira mwala wa padzenje uja, adaumenya ndi kadzanja kake n'kuukalipira. Kenaka adawerama n'kuuzira phazilo.

"Pepa," adatero.

Lufina adafika nsalu ili chinyowere mpaka m'chiuno. Adapeza Rute atakhala pamwendo wabwino wa bambo ake, akuwadyetsa chimanga njere imodziimodzi. Adaima kaye pampanda n'kuwayang'ana.

"Nanga kuno mwapemphera?" adafunsa pambuyo pake.

"Tapemphera. Mlaliki ndi uyu."

Yoramu sadapitenso kutali ndi kwawo. Adakalamba akuluka malichero ndi madengu, ndipo Rute atasinkhuka ndiye ankawasenza kupita nawo kumsika. Abale ake atatu adabadwa pambuyo pake, koma Yoramu akadwala ankakana kudya kufikira Rute atabwera kuchokera kumunda.