Thupi Litazizira

Mwana wanga ndinamumangirira kumsana kwanga ndi chitenje cha mayi ake, ngati khanda, chikhalirecho anali mtsikana wa kalasi yachisanu. Mlamu wanga anakhala kumbuyo kuti azimugwira. Ndinaliza mota, njinga yamoto, tinalowa msewu wa ku Cuamba.

Chaka chimenecho mvula italekeza, ku Mitande kunagwa matenda. Nyumba iliyonse inali ndi wogona. Mutu, kupweteka kuseri kwa maso, mafupa ngati akupondaponda. Tinkati ndi malungo. Malungo timawadziwa. Tinabadwa nawo, tinathawira nawo ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwera nawo.

Mwana wanga atadwala, mayi ake anapita naye kukayezetsa. Anamubaya chala, akuti malungo mulibe. Anabwera ndi mapiritsi a mutu. Anatentha masiku angapo, kenaka m'mawa wina thupi linazizira.

"Abambo, tamugwirani pachipumi," anatero mkazi wanga. "Wachira."

Ndinamugwira. Ndinavomera. Ndi malungo, thupi likazizira ndiye kuti zatha. Ndinapita kumunda kukakolola chimanga. Mwana anati m'mimba mukupweteka, mayi ake anati ndi njala, anamuphikira phala. Anasanza. Masana anandiitanitsa. Ndinapeza magazi m'nkhama, manja ali zii ngati mwala wa pamtsinje.

Pamsewu mlamu sanatseke pakamwa.

"Alamu, chepetsani liwiro, mutipha tonse atatu."

Sindinachepetse. Iye anapitiriza.

"Ine ndikuti ameneyu amulodza. Mwana wochira m'mawa angatuluke magazi masana? Tikanayamba kwa shehe."

"Gwirani mwanayo."

Mutu wake unkagunda pa phewa langa. Anandiitana kamodzi. "Baba, madzi." Ndinati tatsala pang'ono. Tinali tisanafike ndi pakati pomwe.

Kuchipatala anthu anali mbwee, ena pansi, ena pakhonde. Mabotolo a madzi olowa m'mitsempha anawakoleka pamisomali. Namwino wina wamkulu, wotopa, anamasula yekha chitenje chija. Anatsina chala cha mwana n'kuyang'ana chikhadabo.

"Thupi linazizira liti, bambo?"

"M'mawa."

Anapukusa mutu. "Iyi ndi dengi, matenda a udzudzu, koma si malungo. Ikazizira ndi pamene imapha. Onsewa akubwera chimodzimodzi, atayamba ayamika Mulungu kunyumba."

Anamunyamula kulowa naye. Ife anatiletsa pakhomo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Pafupi panali mayi wina wa ku Etatara, mwamuna wake ali m'kati. Anati udzudzu wa dengi ndi wa mawanga oyera m'miyendo, umaluma dzuwa likuswa mtengo, ndipo umaswana m'madzi oyera a m'migolo ndi m'mitsuko. Mlamu anaseka.

"Mayi, udzudzu wa masana? Ndiye neti tizivala ngati mkanjo popita ku Juma kumzikiti?"

Mayiyo sanaseke. Anati kwawo aika anthu awiri sabata imeneyo.

Sitima inalira kusiteshoni. Nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, inadutsa, sindinadzuke. Ndinkangoyang'ana chitseko.

Chinatseguka dzuwa litapendeka. Namwino anaima, anayang'ana uku ndi uku.

"Bambo a mtsikana wa ku Mitande?"

Ndinaimirira. Anabwera pafupi, anatsitsa mawu. Anati ayesetsa. Anati magazi anali atataikira kale m'kati.

Mlamu anayamba kulira mokweza, kenaka anandigwira mkono.

"Alamu, nanga mlongo wanga timuuza chiyani? Foni muimba ndinu kapena ine?"

Ndinachotsa dzanja lake. Ndinatuluka pageti wapansi, mota ndinaisiya pomwepo.