Bakha wa apongozi

Ndinamupeza m'dambo la ku Machinjiri ndikuchokera kudimba, bakha wam'tchire, phiko limodzi likukwekwereza pansi. Wina ayenera kuti anamulasa ndi legeni. Ndinamukulunga m'jekete, n'kugula jivi, mankhwala apepo a mabala aja, pagolosale, n'kumupaka pabala mpaka zala zanga zonse zinasintha mtundu. Maganizo anga anali oti akachira ndidzamubwezere kudambo.

Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi anga aakazi ali pamkeka, atangofika kumene kuchokera ku Nsanje. Ndinagwada kuti ndiwalonjere, bakha ali m'manja. Kwathu mlendo wolemekezeka timamuonetsa nkhuku yamoyo tisanaiphe, ndiye iwo anaomba m'manja, n'kumusisita bakhayo pamsana, n'kuthokoza m'chiyankhulo chakwawo.

"Takhuta, bambo. Anzanu amapereka nkhuku, inu mpaka bakha?"

Apa mpamene ndikanayankhula. Koma mkamwini angawauze bwanji apongozi kuti ndiwo zawozo ndi wodwala? Ndinangoti, "Zikomo, mayi." Mkazi wanga anayang'ana ine, anayang'ana zala zanga, kenako anapita kukatenga mpeni.

Nthawi ya chakudya apongozi anatuma mkazi wangayo kudzandifunsa chifukwa chake phiko limodzi linali ndi mtundu wachilendo. Ndinati abakha a ku Blantyre amawaika chizindikiro. Sindikudziwa komwe bodza limeneli linachokera. Iwo anakhutira, n'kunditumizira phikolo, ati mwini nyumba alaweko.

Mpaka lero sindimvetsa ngati tsiku limenelo ndinali dokotala kapena mlenje. Chimene chimandivuta kwambiri n'choti phikolo ndinadya, ndipo linali lokoma.