Mphalabungu imene inapulumuka kwa apongozi

Ana a giledi sikisi amene ndinkawaphunzitsa ku Chipata anandipatsa dzina lakuti Abodza, ndipo chifukwa chake chinali mphalabungu. Za chule sanatsutse. Mbululu amaziona okha m'zithaphwi za ku Nabvutika zikumera miyendo, mchira ukufota, zonse poyera ngati munthu wosamba pamsewu. Koma nditanena kuti mphalabungu imalowa m'dothi n'kutulukamo ili ndi mapiko, kalasi yonse inaseka mpaka malata a denga anagwedera. Ndikulumbira, lina mpaka lero ndi lopindika.

Sindiwadzudzula anawo. Kwathu kuno palibe mphalabungu inakalambapo. Moyo wake tonse timaudziwa motere: dzira, mbozi, chiwaya.

Ndinawauza kuti adzaona ndi maso awo. Ndinaika mbululu m'beseni, mphalabungu m'chidebe chokhala ndi dothi pansi ndi masamba a mtengo umene ndinazitolapo, zonse ndinasunga pakhonde kunyumba. Ndinkazidyetsa bwino kuposa ana anga obereka. Mkazi wanga angachitire umboni, ndipo amachitiradi ngakhale osafunsidwa.

Ndiye kunabwera apongozi anga aakazi kuchokera ku Kasenengwa. Ine ndili kusukulu, iwo anasuzumira m'chidebe muja namva chisoni kuti mkamwini wawo ndi wophunzira koma ndiwo akuzisiya zikungoyendayenda. Anazifinya, kuziwiritsa ndi mchere, kuzikazinga. Mbululu sanazikhudze. Chinthu chosadyedwa chimakhala ndi moyo wautali.

Pobwera ndinapeza phunziro langa lili m'mbale, ndi tomato.

Tsono mkamwini sakana chakudya chophika apongozi, ndipo sayankhulana nawo maso ndi maso. Iwo anakhala pamphasa kuseri kwa chitseko, ine pampando, mkazi wanga pakati ngati waya wa foni.

"Auzeni amayi kuti zikomo, koma sindidya," ndinatero.

"Akuti mwadwala kodi?" anatero mkazi wanga.

"Auzeni kuti aphika sayansi."

Mawu anachokera kuseri kwa chitseko, osadikiranso waya: "Afunseni bambowo ngati sayansiyo yachepa mchere."

Sindinadye. Ndiwozo zinkanunkhira mpaka agalu a kumsika anabwera kudzaima pamzere, koma ndinapinda manja. Iyi nkhani inafika ku Kasenengwa apongozi asanafikeko, ndipo achibale ena a mkazi wanga mpaka pano amandipatsa moni ndi dzanja limodzi. Zilibe kanthu.

Nditapita kukataya dothi la m'chidebe, ndinapezamo kanthu kolimba, kofiirira. Mphalabungu imodzi inali itakwiririka kale apongozi asanafike. Ndinaibwezera m'dothi, n'kuphimba chidebe ndi neti yakale ya udzudzu, n'kupita nacho kukalasi. Mbululu zinasanduka achule n'kulumpha kupita kwawo. Chidebe chili chete. Ana anayamba kuchipatsa moni m'mawa uliwonse: "Mwadzuka bwanji, dothi la aphunzitsi?" Aphunzitsi anzanga anandilangiza kuti ndidzalemo anyezi. Ndinakana.

Mvula ina itayandikira, ana aja ali giledi seveni, ndinapeza chigulugufe chachikulu chitakakamira ku neti, mapiko ake okhala ndi madontho ngati maso. Chinali chachikulu ngati ambulera. Chabwino, ngati chikhatho, koma chikhatho cha munthu wamkulu. Ndinakawatenga ana aja pakati pa masamu, mphunzitsi wawo akali kuyankhula.

Anachizungulira. Mtsikana amene anayambitsa dzina lija ananong'ona kuti, "Aphunzitsi, ndiye zonse tinadya zija zikadauluka?"

"Zonse," ndinatero, "ndi za apongozi anga zomwe."

Dzina lija analisiya tsiku lomwelo.